Nyali zakutsogolo za galimoto zikavuta: tsatani moto kuchokera ku batire mpaka ku babu

Nyali zakutsogolo zikavuta, ambiri timathamangira kukagula babu. Nthawi zina babulo limakhaladi ndi mlandu. Koma ndaonapo anthu akusintha mababu katatu, kenako batire, kenako swichi, pomwe vuto lonse linali pa bawuti imodzi yadzimbiri kuseri kwa nyali. Zimandiwawa mumtima, chifukwa masiku onsewo munthu amakhala akuyenda usiku osaona bwino, ndipo amene ali pangozi si iye yekha. Woyenda pansi m'mbali mwa msewu nayenso ali momwemo.

Magetsi a nyali, amene amakaniko amangoti moto, amayenda mozungulira. Amachoka pa mutu wa pozitivi wa batire, n'kudutsa pa fyuzi, pa rileyi (kabokosi kothandiza swichi kuyatsa moto waukulu) ndi pa swichi, n'kulowa m'babu, kenako n'kubwerera ku mutu wa negetivi kudzera m'chitsulo cha galimoto yeniyeniyo. Njira yobwererayi ndi imene imatchedwa ethi. Njirayi ikaduka penapake, nyali imazima. Ikangothina chifukwa cha dzimbiri kapena waya wokhwepa, nyali imayaka koma mofooka. Ntchito yanu ndi kupeza pamene paduka kapena pathina, ndipo mupapeza poyeza, osati pongoganizira.

Mufunika zinthu zochepa: mita yoyezera magetsi, tesita ya kababu (imayaka ikakhudza pamene pali moto), sipanala zing'onozing'ono, sikuludiraiva, sandipepa, waya wotalika mita imodzi kapena ziwiri, mafyuzi apadera, ndi buku la galimoto yanu ngati muli nalo. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Batire la galimoto lili ndi mavolti 12 okha, sangakugwedezeni, koma mphete ikalumikiza pozitivi ndi chitsulo imatentha nthawi yomweyo mpaka kuwotcha chala. Poyeza, batire likhale lolumikizidwa. Podula kapena polumikiza mawaya, chotsani kaye mutu wa negetivi.

Choyamba, ionetsetseni nyaliyo musanagwire sipanala

Imikani galimoto pamalo athyathyathya moyang'ana khoma, mukoke handibuleki. Yatsani dimu, yatsani fulu, kenako kokani kamtengo kophethirira. Zimene muone pakhomapo zikuchepetserani theka la ntchito.

Ikazima nyali imodzi yokha, vuto lili kumbali imeneyo: babu, soketi yake, ethi yake, kapena fyuzi yake, poti galimoto zambiri zili ndi fyuzi yakumanzere ndi yakumanja payokhapayokha. Zikazima zonse ziwiri nthawi imodzi, ganizirani zinthu zimene nyali ziwirizo zimagawana, zomwe ndi fyuzi yaikulu, rileyi ndi swichi. Komabe musachotseretu mababu pamlandu. Zimachitika kuti babu limodzi linapsa kale mwini wake osazindikira, ndiye tsiku limene lapsa linzake amaona ngati zonse zazima pamodzi.

Kuphethira kuli ndi phindu lake. Pa galimoto zambiri, kamtengo kophethirira kamatenga moto panjira yakeyake, yosadutsa pa swichi yoyatsira nyali. Choncho ngati kuphethira kukugwira ntchito koma nyali sizikuyaka mukatembenuza swichi, mwadziwa kale kuti mbali ya fulu ya mababu ndi ethi zili bwino. Vuto lili kumtunda, ku swichi kapena ku rileyi.

Nyali zonse zikamayaka mofiirira ngati kandulo, ganizirani batire, alternator (makina amene amatchaja batire injini ikamalira), ethi, kapena galasi lakutsogolo lomwe lachita chifunga. Zikamawala kwambiri mukaponda mafuta n'kufooka kwambiri injini ikamalira payokha, yambirani ku alternator ndi lamba wake. Zikamathimathima mukagunda bampu, pali chinthu chokhwepa.

Batire

Apa musachedwepo. Ikani mita pa mavolti 20 a DC, waya wofiira pa pozitivi, wakuda pa negetivi. Injini itazima ndipo galimoto itapuma kwakanthawi, batire lodzaza limaonetsa pafupifupi 12.6. Likaonetsa 12.0 kapena kutsikirapo, laphwa kwambiri. Lizani injini muyezenso: muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.5 pa galimoto zambiri. Yatsani nyali muone ngati nambalayo ikukhazikika. Ikatsika pansi pa 13, alternator sikutchaja bwino. Ikakwera kupitirira 15, ikutchaja mopyola muyezo, ndipo nkhani imeneyi tibwereranso. Gwedezani mitu ya batire ndi dzanja. Isasunthe, ndipo ufa woyera kapena wobiriwira umene umamera pamenepo muuchotse. Injini ikamalira, manja ndi malaya zitalikire fani ndi lamba.

Babu

Zimitsani nyali mudikire kuti babu lizizire, chifukwa babu la halogen, lija lagalasi lokhala ndi kawaya m'kati, limatentha koopsa. Kuseri kwa nyali zulani soketi, chotsani chivindikiro cha labala, masulani kawaya kolimba kamene kamapanikiza babu, kenako litulutseni mutagwira kuchitsulo. Galasi lake musaligwire ndi zala. Mafuta a pakhungu amatsalira pagalasipo, malowo amatentha kuposa pena ponse, ndipo babu silikhalitsa. Mukaligwira mwangozi, lipukuteni ndi kansalu koyera konyowetsa ndi spiriti.

Werengani zolembedwa pachitsulo chake kuti mudziwe mtundu wa babulo. H4 lili ndi miyendo itatu ndi tiwaya tiwiri m'kati, kena ka fulu ka mawati 60, kena ka dimu ka mawati 55. N'chifukwa chake babu la H4 limatha kufa dimu yokha fulu n'kumayakabe. H7 ndi H1 ali ndi kawaya kamodzi ka mawati 55, ndipo galimoto zambiri zogwiritsa ntchito amenewa zimakhala ndi babu la dimu palokha, la fulu palokha. Palinso H11, HB3 ndi HB4. Mtundu wina sulowa m'malo mwa unzake, ndipo musaukakamize.

Liyang'aneni powala. Kawaya koduka nthawi zambiri kamaoneka, ndipo galasi lakuda kapena lochita mbuu m'kati ndi chizindikiro chakuti babu latha. Koma maso amanama. Kawaya kamatha kuduka n'kumakhudzanabe, n'kumayaka pena n'kuzima pena. Ikani mita pa ma ohm muyeze pakati pa miyendo: kawaya kabwino kamaonetsa nambala yaing'ono kwambiri, yosafika 1, pomwe koduka sikaonetsa kanthu. Njira yachidule kuposa zonse ndi kusinthanitsa mababu, lakumanzere kupita kumanja. Vuto likasamuka nalo, babu ndiye lafa. Likatsala pomwepo, babu mwalichotsa pamlandu.

Musanabwezere, yang'anani m'soketi. Pulasitiki yosungunuka, yofiirira, yonunkha chopserera, kapena tizitsulo tam'kati takuda ndi totakasuka, zikutanthauza kuti pamenepo pakhala pakutentha. Kawirikawiri chimachititsa ndi chimodzi mwa ziwiri: soketi yokhwepa, kapena wina anaikamo mababu a mawati 100/90 pa mawaya amene anapangidwira 60/55. Mababu awiri a mawati 55 amakoka ma ampu pafupifupi 9. A mawati 100 amakoka pafupifupi kawiri. Ine mababu otere sindiwavomereza ngakhale pang'ono. Amasungunula soketi, amawotcha swichi, amawononga mbale yonyezimira ya m'nyali, ndipo amathobwa m'maso anzanu obwera kutsogolo. Soketi yopserera siikonzeka poipala. Iduleni muike ina, mulumikize mawaya molimba ndi kuwakuta bwino.

Fyuzi

Galimoto zambiri zili ndi mabokosi awiri a mafyuzi, lina pansi pa boneti, lina m'kati pafupi ndi chiwongolero. Pansi pa chivindikiro pamakhala chithunzi chosonyeza ntchito ya fyuzi iliyonse, ndipo za nyali zimalembedwa HEAD, H-LP, kapena zimakhala ndi kachithunzi ka nyali. Mafyuzi apulasitiki amiyendo iwiri aja amadziwika ndi mtundu: yofiira ndi ya ma ampu 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30.

Simufunika kuizula kuti muiyeze. Pamwamba pa fyuzi iliyonse pali timadontho tiwiri tachitsulo. Yatsani swichi ya nyali, kanikizani kopanira ka tesita pa negetivi ya batire, n'kukhudza kadontho kalikonse ndi nsonga. Tesita ikayaka mbali zonse ziwiri, fyuzi ili bwino. Ikayaka mbali imodzi, yapsa. Ikapanda kuyaka konsekonse, moto sukufika n'komwe pa fyuzipo, ndiye bwererani m'mbuyo, ku rileyi kapena ku fyuzi yaikulu ya pafupi ndi batire.

Fyuzi yopsa muisinthe ndi ya nambala yomweyo. Osaikapo yaikulu, osamangapo waya kapena pepala lonyezimira. Fyuzi inaikidwa kuti ipse iyo m'malo mwa mawaya, ndipo mukailanda ntchito imeneyi chimene chidzapse ndi mtolo wa mawaya kuseri kwa dashibodi, mwina galimoto yonse.

Yatsopano ikangopsanso nthawi yomweyo, pali shoti, kutanthauza kuti waya wamoto wasupuka ndipo ukukhudza chitsulo. Musamalize mafyuzi poyeserera. Zulani soketi za mababu onse, lumikizani tesita pakati pa mabowo awiri amene munali fyuzi, n'kuyatsa swichi. Tesita ikawala, moto ukuthawira ku chitsulo penapake. Tsopano tsatani mtolo wa mawaya mukuugwedeza pang'onopang'ono, diso lili pa tesita. Pamene ithimire kapena kuphethira, shoti ili pamenepo. Malo okayikitsa ndi pamene mawaya adutsa pabowo la chitsulo, pafupi ndi zinthu zotentha, mbali imene galimoto inagundidwapo, pamene makoswe anatafuna, ndiponso paliponse pamene wina analumikiza nyali zowonjezera n'kungokulungapo tepi.

Rileyi

Rileyi ndi kabokosi kamene kamalola swichi yaing'ono kuyatsa moto waukulu. Yodziwika kwambiri ili ndi miyendo inayi kapena isanu yokhala ndi manambala. 85 ndi 86 ndi ya koyilo, waya wokulungidwa wa m'katimo, imene swichi imayatsa. 30 ndi polowera moto wochokera ku batire, 87 ndi potulukira kupita ku nyali. Ikani chala pamwamba pake wina akuyatsa ndi kuzimitsa nyali. Muyenera kumva ka "tiki". Koma kulira kokha sikutsimikiza kanthu, chifukwa koyilo imatha kukoka bwinobwino pomwe tizitsulo togundana m'katimo tapserera moti moto sukudutsa.

Yang'anani m'bokosimo rileyi ina yofanana nayo ndendende, manambala ndi miyendo yomwe, monga ya hutala, muzisinthanitse. Nyali zikayaka, mwaupeza mlandu. Zikapanda kuyaka, zulani rileyiyo muyeze m'mabowo ake. Pa 30 payenera kukhala moto. Koyilo, mukaiyeza pa rileyi yeniyeniyo pakati pa miyendo 85 ndi 86, imaonetsa ma ohm apakati pa 50 ndi 120 pa marileyi ambiri. Ngati pa 30 pali moto, koyilo ili bwino, koma rileyi siikulira, ndiye kuti lamulo lochokera ku swichi silikufika.

Ethi, ndi kuyeza moto umene ukutayika panjira

Apa ndi pamene ndikufuna mukhazikike, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasocherera. Munthu amazula soketi, n'kuikapo mita, n'kuona 12, n'kunena kuti moto ukufika. Koma mita imakoka moto wochepa kwambiri moti ngakhale waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi amaonetsa 12. Babu likalumikizidwa n'kufuna ma ampu 4 kapena 5, kaulusi kaja kamalephera. Choncho muyezo woona ndi umene mumatenga babu lili m'malo mwake, nyali ikuyaka.

Chitani chonchi. Lizani injini, yatsani dimu. Ikani waya wofiira wa mita pa pozitivi ya batire, ndipo nsonga ya wakuda muilowetse kumbuyo kwa soketi, pa waya wobweretsa moto wa dimu. Nambala imene muone ndi moto umene ukutayika pakati pa batire ndi babu. Isapitirire 0.5. Kenako ikani wofiira kumbuyo kwa soketi pa waya wa ethi, wakuda pa negetivi ya batire. Apa isapitirire 0.2. Mbali imene yaonetsa nambala yaikulu ndi imene ili ndi vuto. Sunthani nsonga ya mita kutsata wayayo, polumikizira pamodzi pamodzi, mpaka nambala itatsika mwadzidzidzi. Malo amene mwangowadumphawo ndi odwalawo.

Wina anganene kuti volti imodzi n'chiyani. Kwa babu la halogen ndi chinthu chachikulu. Moto ukatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kuwala kumatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye kusiyana kwa kumuona munthu ali patali ndi kumuona mutamufika kale.

Zinandichitikirapo pa galimoto yanga yakale ya mababu a H4. Nyali yakumanzere inkayaka mofiirira, ndipo ndikayatsa dimu, kagetsi kabuluu ka fulu pa dashibodi kankayaka mwakachetechete, kongoonekera mumdima. Ndinasintha babu, palibe chinasintha. Nditayeza mbali ya ethi, mita inaonetsa mavolti oposa 2. Ndinatsata waya wakudayo ndi chala mpaka pa bawuti ina kuseri kwa nyali, pansi pa fumbi. Kunja inkaoneka yolimba. Nditaimasula, pansi pa kamphete ka wayayo panali chikhakha chofiirira chosakanikirana ndi ufa wobiriwira, chouma ngati nkhanambo. Ndinapala kampheteko ndi chitsulo cha galimoto ndi sandipepa mpaka zonse kunyezimira, n'kumanga molimba, n'kupakapo girisi pamwamba kuti madzi asalowe. Nyali inayera nthawi yomweyo, kagetsi kabuluu kaja n'kuzima. Chimene chinkachitika n'chakuti moto, posowa njira yobwerera, unkadutsa m'kawaya ka dimu n'kulowa m'kawaya ka fulu ka babu lomwelo chobwerera m'mbuyo, kukafuna ethi kwina. Mukaona magetsi osagwirizana akuyakira limodzi mofooka, ganizirani ethi musanaganize china chilichonse. Musaiwalenso waya wonenepa wochoka pa negetivi ya batire kupita ku chitsulo cha galimoto ndi ku injini. Ameneyo akadwala, magetsi onse amadwala naye.

Amakaniko ambiri amayesa ethi potenga waya kuchoka pa mwendo wa ethi wa babu kupita pa negetivi ya batire, nyali ikawala n'kudziwa kuti ethi ndi yoipa. Njirayi ndi yabwino, koma ili ndi msampha. Galimoto zina, makamaka za Toyota zambiri zakale za mababu a H4, zinalumikizidwa mosemphana: mwendo umene tiwaya tiwiri tija timagawana ndi umene umalandira pozitivi, ndipo swichi ndi imene imapereka ethi ku dimu kapena ku fulu. Pa galimoto yotere, waya wanu woyeserayo apanga shoti. Ndiye yezani kaye. Zulani soketi, yatsani dimu kenako fulu, muone ngati pali bowo limodzi limene likukhala ndi moto konsekonse. Ngati lilipo, galimoto yanu ndi ya mtundu umenewu, ndipo ethi ya nyali muifunefune kumbali ya swichi, osati kuseri kwa nyali.

Swichi

Mukafika pano zonse zili bwino, yatsala swichi ya pa chiwongolero. Chizindikiro chake n'chakuti nyali zimayaka mukagwedeza kamtengo kapena mukakagwira pakatikati, ndipo nthawi zina pamamveka kafungo kopserera. Muchotse negetivi ya batire ndi kudikira nthawi imene buku la galimoto lanena musanatsegule zivindikiro za pa chiwongolero, chifukwa pamenepo pamadutsa mawaya a airbag, thumba lija lofufuma pa ngozi. Amakhala ndi soketi zachikasu. Amenewo musawakhudze ndi mita kapena tesita.

Pa galimoto zatsopano, swichi siinyamulanso moto wa nyali. Imangotumiza uthenga ku kompyuta ya galimoto, ndipo kompyutayo ndi imene imayatsa. Zina zilibe n'komwe rileyi kapena fyuzi ya nyali imene mungaizule. Pamenepo musalumikize mawaya mongoyeserera, ndipo tesita ya kababu isakhudze mawaya opita ku kompyuta. Mukatsimikiza babu, soketi ndi ethi, zotsalazo zimafuna makina owerengera zolakwika za kompyuta, ndipo ndi ntchito ya makaniko wa zamagetsi.

Mababu akamangopsapsa

Bwererani ku muyezo wa alternator uja. Moto wopitirira ndi magawo 5 okha pa 100 umadula moyo wa babu la halogen pafupifupi ndi theka, ndiye alternator yotulutsa mavolti oposa 15 imamaliza mababu ngati masewera, batire nalonso n'kumawira. Muyezo ukakhala wabwino, onani ngati nyali yonse ikugwedera chifukwa cha chogwirira chothyoka, ngati babu linakhala bwino m'malo mwake, ndiponso ngati m'nyali mukulowa madzi. Kachifunga kopyapyala kamene kamatha nyali ikatentha si vuto. Madontho oyenderera kapena madzi odikha pansi akutanthauza mng'alu kapena chivindikiro cha labala chimene sichinabwezedwe.

Nyali za xenon, zamababu monga D1S ndi D2S, ndi nkhani ina. Poyaka zimafuna mavolti oposa 20,000, ndipo moto umenewo ungakuvulazeni kwambiri. Musalowetse mita m'soketi ya babu lotere. Kuwala kukasanduka kwapinki kapena kukamazimazima, kawirikawiri babu lakalamba. Mungasinthanitse mababu mbali ndi mbali, koma nyali zitazima ndi batire litachotsedwa. Nyali za LED zobwera ndi galimoto nthawi zambiri sizitseguka, zimasinthidwa zathunthu kapena kabokosi kake kowongolera. Mababu a LED ochita kuikamo m'malo mwa halogen ena sayaka mpaka mutatembenuza soketi, ena amaphethira kapena kuyatsa chenjezo pa dashibodi, ndipo ambiri amamwaza kuwala chifukwa mbale ya m'nyaliyo sinapangidwire iwo.

Magetsi onse akakhala bwino koma kuwala n'kukhalabe kofooka, yang'anani galasi lakutsogolo. La galimoto zamasiku ano ndi pulasitiki imene dzuwa limaisandutsa yachikasu. Imayera mukaipala ndi sandipepa yosalala kwambiri yonyowetsa, kuyambira yokhakhala pang'ono kupita ku yosalala, kenako n'kupukuta ndi polishi. Pomaliza pakanipo mankhwala oteteza ku dzuwa, apo ayi chikasucho chibwerera pakangopita miyezi.

Mukamaliza kukonza, bwererani pakhoma paja. Imikani galimoto mamita 10 kuchokera pakhoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchokera pansi, mulembe mzere wa msinkhu womwewo pakhoma. Yatsani dimu. Pamwamba pa nyali zambiri pamalembedwa nambala monga 1.0% kapena 1.2%. Ngati ndi 1.0%, malire a kuwala ndi mdima agwe masentimita 10 pansi pa mzere wanu, ngati ndi 1.2% agwe masentimita 12, ndipo nyali ziwirizo zifanane. Malirewo akakhala osaoneka bwino kapena opendekeka, babu silinakhale bwino m'malo mwake, litulutseni mulibwezerenso. Akangokhala okwera kapena otsika, tembenuzani sikulu yowongolera kuseri kwa nyali pang'onopang'ono, mutaphimba nyali inayo ndi katoni, mpaka afike pamalo pake.